Kugulitsa mowa pa zochitika ku Chigwa cha Shire: chiphaso n'cha yani, ndipo chimathera pati?

Thonje likagulidwa ku Ngabu, chitowe chikachoka m'minda, mzimbe nawo ukayamba kudulidwa ku Nchalo, ndalama imayamba kuyenda m'matumba mwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje. Zochitika nazo zimachuluka nthawi yomweyo. Uku ndime yomaliza ya chikho cha mpira, uko phwando la oimba otsika kuchokera ku Blantyre, kwina chionetsero cha zaulimi, kwina valimba ndi utse, kuonjezapo maukwati otsatizana Loweruka ndi Loweruka mpaka mvula itagwa. Ndipo kuno, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, khamu la akuluakulu silikhala padzuwa tsiku lonse popanda wina kuganiza zobweretsa makireti.

Makiretiwo akamakwezedwa, nkhani ya chilolezo imayankhidwa mwachidule: "Chiphaso tili nacho kale." Mwini bala wa pa Dyeratu amatero akamapita ndi katundu wake ku bwalo la mpira. Wokonza phwando amateronso uku akuloza kampani yofulula mowa yomwe yamubwereka matenti. Onse awiri sakunama, chiphasocho chilipodi. Chomwe sadziwa, kapena chomwe amasankha kuiwala, n'chakuti chiphasocho sichifika pabwalo lomwe akupitalo.

Lamulo lalikulu pa nkhani ya mowa m'dziko muno ndi Liquor Act la 1979. Lamuloli limasiyanitsa kupanga mowa ndi kuugulitsa. Pa kugulitsapo limasiyanitsanso wopikulitsa ndi wogulitsa kwa womwa mmodzimmodzi, komanso malo omwera pomwepo ndi malo ongogula n'kukamwera kunyumba. N'chifukwa chake bala, botolo sitolo, hotela ndi thaveni ya Chibuku sizikhala ndi chiphaso chofanana. Koma ziphaso zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi: chilichonse chimatchula munthu, malo ndi nthawi. Munthu uyu, m'nyumba iyi, kuyambira ola lakuti mpaka lakuti. Mukasintha chimodzi mwa zitatuzi, mwatuluka kunja kwa zomwe munaloledwa.

Woweta aliyense kuno amadziwa kuti ng'ombe ingakhale yako yobadwira m'khola mwako, sungaikweze lole kupita nayo ku Blantyre popanda kalata ya alangizi a ziweto yonena za ulendo umenewo. Mowa ulinso chimodzimodzi. Makireti ndi ako, bala ndi yako yovomerezeka, koma tsiku lomwe wawatulutsa kuti ukagulitsire pabwalo la Bangula, pafunika pepala lina lonena za bwalolo ndi tsikulo.

Opereka ziphaso zogulitsira mowa ndi makhonsolo. Kwa ife ndiye kuti khonsolo ya Chikwawa kapena ya Nsanje, malingana ndi komwe bwalolo lili, osati komwe wogulitsayo amakhala. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo ndi kutolera ndalama za ziphaso, choncho mitengo ndi maola zimatha kusiyana pakati pa boma ili ndi linzake. Wa ku Blantyre wobwera ndi chiphaso cha khonsolo ya mzinda sangachigwiritse ntchito ku Nchalo. Ngakhale wa ku Ngabu akadumpha malire n'kulowa mbali ya Nsanje, wagwa m'manja mwa khonsolo ina.

Tiime pang'ono pa kampani yofulula mowa, poti ndi imene ambiri amabisalako. Fakitale ya mowa wa m'mabotolo ya ku Blantyre inatsegulidwa ndi Carlsberg mu 1968, ndipo kuyambira 2016 ili m'manja mwa Castel. Chibuku nayo ili ndi mafakitale ake. Kampani zoterezi zili ndi mapepala ochuluka: chiphaso chopangira mowa, chitsimikizo cha bungwe loona za ubwino wa katundu la MBS, kulembetsa kwa otolera msonkho a MRA. Mapepala onsewa amanena za fakitale ndi zomwe zikutulukamo. Kuchoka kufakitale, mowa umadutsa kumadepoti ndi kwa opikulitsa usanafike kwa mwini bala. Kampani ikabwera pa chochitika imabwera ndi matenti, mafiriji, zikwangwani, nthawi zina ndi ndalama yolipirira oimba kapena yogulira chikho. Kumeneko n'kutsatsa malonda. Koma pomwe dzanja lalandira ndalama n'kupereka botolo lotsegula kale, pachitika malonda a mtundu wina, ndipo lamulo limafuna kudziwa mwini dzanjalo.

Dzanjalo litha kukhala la kampani yeniyeniyo, ngati yatumiza antchito ake kuti agulitse okha. Litha kukhala la mwini bala wa m'deralo yemwe wapatsidwa tenti ndi firiji kuti agulitsiremo. Lithanso kukhala la wokonza chochitikayo, amene waoda makireti kuti phindu la mowa likwirire zomwe pageti sipadakwanitse. Njira zitatu zonsezi n'zotheka, koma pa njira iliyonse amene akugulitsayo ndiye ayenera kukhala ndi chilolezo cha tsikulo m'dzina lake. Chisokonezo chimabwera aliyense akamaganiza kuti mnzake ndiye wapita kukhonsolo. Wokonza phwando akuti kampani yayendetsa, woimira kampani akuti iye ntchito yake ndi matenti basi, mwini bala akuti iye wangoitanidwa. Apolisi akafika, amene amagwidwa ndi mnyamata waganyu yemwe waima kuseri kwa tebulo, amene sanasainire kalikonse ndipo walonjezedwa ndalama yochepa madzulo. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa zikanapeweka ndi mzere umodzi wolembedwa pamgwirizano: wokatenga chiphaso ndi wakuti, ndipo achionetse kwa anzake lisanafike tsiku.

Lamulo linaganizirapo za misonkhano yosakhalitsa, n'chifukwa chake pali chiphaso chakanthawi. Chimagwira ntchito pa malo amodzi, masiku otchulidwa, maola otchulidwa, kenako chimatha chokha. Zinthu zimayenda mosavuta wopemphayo akakhala munthu yemwe khonsolo ikumudziwa kale, monga mwini bala yemwe chiphaso chake cha pachaka chili chamoyo, poti mbiri yake ili m'mabuku. Wopempha amalembera kalata bwanamkubwa wa boma, ndipo kalata yabwino imayankhiratu mafunso omwe akafunsidwe. "Bambo, mukagulitsira pati penipeni? Bwalolo ndi la yani, ndipo mwini wake wavomera? Mukuyembekezera anthu angati? Mutseka nthawi yanji? Mowa wake ndi wanji, ndipo mwautenga kuti?" Amene wapita alibe mayankho amenewa amabwezedwa, n'kumadandaula kuti akuofesi ndi ovuta, pomwe mafunsowo ndi omwe iye mwini akanayenera kudzifunsa asanasindikize zikwangwani zoitanira anthu.

Funso la mwini bwalo si laling'ono kuno. Mabwalo aakulu ambiri m'midzi yathu ndi a sukulu, ena ndi a mipingo. Bwalo la sukulu likabwerekedwa Loweruka, Lolemba m'mawa ana amathamangapo opanda nsapato, ndipo magalasi a mabotolo osweka amakhala akadali mu udzu. Mfundo za dziko zokhudza mowa, zomwe boma linakhazikitsa mu 2017, zimatsindika kwambiri za kuteteza ana, choncho mphunzitsi wamkulu kapena komiti ya sukulu ikakana kuti pabwalo pawo pagulitsidwe mowa, palibe chodabwitsa. Kumbali yanga, mowa pabwalo la sukulu ndi chinthu chofunika kuchipewa ngakhale pepala litaloleza.

Kenako pali a zaumoyo. Ena amaona ngati kuyendera kwawo ndi mwambo chabe, koma ife a kuchigwa tisamatero. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unabwera pambuyo pa namondwe Ana ndi Gombe, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma athu awiriwa, omwe madzi osefukira amagwetsa zimbudzi chaka ndi chaka, amaidziwa bwino nthendayi. Anthu mazana akamamwa kuyambira masana mpaka usiku amafuna zimbudzi, madzi osamba m'manja othira kolorini, ndi pena potaya zinyalala. Pomwe pali mowa pamabweranso kanyenya, tchipisi ndi nsomba zokazinga. Wa zaumoyo akafunsa kuti zimbudzi zilipo zingati, funsolo ndi la moyo wa mudzi womwe utsale pamenepo alendo atapita. Tikumbukirenso kuti chiphaso cha mowa sichiposa malamulo a nthawi ya mliri. Mu Januwale 2021, matenda a Covid-19 atafika povuta, boma linalamula kuti malo omwera mowa azitseka 8 koloko usiku ndipo misonkhano isapitirire anthu 50. Aliyense anayenera kutsata zimenezo, kaya chiphaso chake chinkanena zotani.

Apolisi nawo ayenera kudziwitsidwa nthawi ikadalipo, kuti akonze za chitetezo pabwalo ndi pamsewu. Pali mapepala enanso omwe sakhudza mowa koma amayendera limodzi ndi phwando: chilolezo cha zisangalalo chochokera ku bungwe la boma lounika zoonetsedwa pagulu la Censorship Board, ndi malipiro a bungwe loteteza umwini wa nyimbo la COSOMA ngati pakuimbidwa nyimbo za eni ake. Palibe limodzi mwa mapepalawa lomwe limalowa m'malo mwa linzake. Tikiti yomwe wotolera ndalama za mumsika amadula tsiku ndi tsiku ndi yolipirira malo okhalapo, siiloleza munthu kugulitsa mowa.

Nanga mfumu? Kuno sungaimike tenti m'mudzi osagwada kwa anyakwawa, ndipo n'koyenera kutero. Iwo ndi amene amadziwa kuti kuseri kwa bwalo kuli maliro, kuti banja lakuti lili ndi wodwala, kuti chaka chatha phwando lotere linathera m'ndewu ya midzi iwiri. Akati, "Ana anga, zoimbira zanuzo zikhale zitatseka pofika pakati pa usiku," mawuwo ndi olemera. Koma kuvomera kwa mfumu si chiphaso cha mowa, monganso chidindo cha khonsolo sichimuchotsera munthu udindo wokaonekera kwa mfumu. Zonse ziwiri zimafunika, ndipo wanzeru amayamba kwa anyakwawa kuti akamapita kuboma anyamule kalata yawo.

Mowa womwe ukugulitsidwawo nawo uli ndi malamulo ake. Kuchokera ku Nsanje kupita pachipata cha Marka si patali, ndipo Mozambique yatizungulira uku ndi uku, choncho mowa wa kumeneko monga 2M, Manica ndi Impala si wachilendo m'mabala mwathu. Mowa wakunja suletsedwa ngati walowa mwa njira yake n'kulipiridwa msonkho. Koma wowolotsedwa pabwato usiku kapena wodzera njira zachidule panjinga ndi katundu wozembetsa, ndipo a MRA ali ndi mphamvu yowulanda ngakhale wogulitsayo ali ndi chiphaso chakanthawi chosainidwa bwinobwino. Masiku ano pali masitampu a msonkho a Kalondola omwe amaikidwa pa zakumwa, ndiye kuzindikira botolo lolowa mozemba sikuvutanso ngati kale. Sungani malisiti a komwe munaoda. Mowa wa m'masacheti unaletsedwa ndi malamulo a 2015, opanga ake anakalimbana kukhoti, koma chiletsocho chinakhazikika. Amene angabweretse masacheti pa chochitika akuika pachiswe chilolezo cha onse.

Kutentha kwa kuno kumabweretsa vuto lomwe a kumtunda saliganizira. Chibuku cha m'mapaketi ndi mowa wamoyo, umapitiriza kuwira uli m'paketi momwemo, ndipo umakhala bwino masiku ochepa okha. Pa dzuwa la Ngabu paketi yomwe yatsitsidwa m'mawa ikakhala pamtetete imafika madzulo itafufuma ndi kuwawasa. Wogulitsa wofuna kubweza ndalama yake amaigulitsabe kwa munthu amene waledzera kale ndipo sakusiyanitsanso kukoma. Cha m'mabotolo apulasitiki chimapirira kwambiri poti chinaphikidwa mopha zowiritsa. Wokonza chochitika ayenera kuganizira za mthunzi ndi kuchuluka kwa zomwe akuoda, osati phindu lokha.

Lamulo loletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18 aliyense amalidziwa, koma pabwalo ndi pomwe limathyoledwa mosavuta. Mu bala, mwini wake amadziwa makasitomala ake. Pa chochitika pamakhala chipwirikiti, mdima, ndi manja ambiri otambasula ndalama. Palinso chizolowezi chathu chotuma mwana: "Thamanga ukawatengere amalume ako ziwiri." Mwanayo akapatsidwa mabotolo, amene walakwa ndi wogulitsa, posatengera kuti mowawo ukupita kwa yani. Njira yothandiza ndi yodula malo omwera ndi mpanda, ngakhale wa masaka kapena chingwe chabe, pakhale khomo limodzi ndi munthu wamkulu woimapo. Popeza nzika iliyonse imatenga chitupa cha unzika kuyambira zaka 16, kufunsa chitupa kwa wooneka wamng'ono sikovutanso. Komanso si aliyense wokhala ndi chitupa amene wakwana, ndiye muyang'ane chaka chobadwa.

Za maola ndinene mwachidule. Ola lotsekera lomwe lalembedwa ndi la kugulitsa mowa, ndipo silitalikitsidwa chifukwa choti woimba wamkulu wachedwa kukwera pansanja. Mowa ukamatsekedwa nyimbo zisanathe, anthu amapeza mpata wotsitsimuka asanakwere njinga zamoto ndi magalimoto. Aliyense amene anakwerapo zitunda za Chikwawa usiku kuchokera pa Thabwa, m'makona aja, akudziwa chifukwa chake zimenezi zili zofunika. Walira mvula walira matope: woitana khamu avomerenso kuti udindo wake sukuthera pageti.

Zonse ndafotokozazi zikukhudza mkati mwa mpanda. Tsopano tiyeni kunja kwake, komwe ndikuona kuti kuli nkhani yaikulu.

Imani pageti la chochitika chachikulu chilichonse kuno cha m'ma 3 koloko masana. Mkati muli tenti yokhala ndi dzina la kampani, firiji yomwe yabwera pangolo ikulira ndi jenereta, zibuma za madzi oundana zokutidwa ndi masaka ndi utuchi kuti zisasungunuke msanga. Ogula alipo, koma ndi owerengeka: aphunzitsi, ogwira ntchito kuesiteti, amalonda. Mukapotoloka n'kuyenda mapazi makumi angapo, pansi pa mtengo wa nimu pali mayi wakhala pamphasa ndi zigubu ziwiri za malita 20 zodzaza masese a mapira. Ali ndi makapu apulasitiki atatu omwe akuzungulira pakamwa pa anthu onse, akutsukidwa m'beseni limodzi lomwe madzi ake asanduka oyera ngati phala. Pambali pake bambo waimika njinga ndi chigubu cha uchema womwe m'mawa unali wotsekemera, pano wayamba kuluma. Chakuseri, m'chikwama chosatsegulidwa poyera, muli kachasu wa masau wothiridwa m'mabotolo omwe kale munali madzi akumwa. Khamu lenileni lili kumeneko, chifukwa ndalama ya botolo limodzi la mkati imagula makapu angapo a kunja.

Ndiye taonani mmene zinthu zakhalira. Amene wayenda kukhonsolo, walipira, wakumba zimbudzi, waika mlonda pakhomo, akugulitsira anthu ochepa. Amene akumwetsa anthu ambiri alibe pepala, palibe wawayendera, palibe wawauza ola lotsekera. Ndewu ikabuka kapena wina akadwala, dzina lomwe lili m'mabuku ndi la wa mkati, pomwe mowa womwe wachititsa unamwedwa pansi pa nimu.

Sindikugwirizana ndi oti yankho lake ndi kuwathamangitsa amayiwa. Mowa wamasese ndi umene waphunzitsa ana ambiri m'chigwa muno, makamaka m'mabanja omwe minda yawo imakokoloka kapena kupsa ndi dzuwa. Ukawathamangitsa pageti samapita kunyumba, amangosunthira kuthengo komwe kulibe kuwala, kulibe madzi, kulibe wowaona, ndipo kumeneko ndi komwe atsikana amakumana ndi zoopsa. Chomwe chingathandize n'kuwalowetsa m'dongosolo mwa njira yomwe angaikwanitse. Khonsolo itha kulola kuti wokonza chochitika apereke mndandanda wa ogulitsa mowa wachikuda, awapatse mbali yawo pabwalo, aliyense alipire kandalama kochepa kokhala ndi lisiti, pakhale mgolo wa madzi a kolorini wotsukira makapu, ndipo ola lotsekera likhale limodzi kwa onse. Mayi yemwe dzina lake lalembedwa ndipo akudziwa kuti chaka chamawa adzafunanso malowo sangagulitse kwa mwana wasukulu mwachisawawa.

Kachasu ndi nkhani ina, ndipo pamenepa sindinganyengerere. Mowa wotcheza umafuna chiphaso chopangira, ndipo otcheza a kuseri kwa nyumba alibe. Mphamvu yake siyezedwa: botolo ili litha kukhala lofewa, linzake lamoto, onse pamtengo umodzi. Choopsa kwambiri ndi zosakaniza zomwe ena amathiramo kuti ulume. Mu 2024 anthu angapo anamwalira ku Blantyre atamwa mowa wosadziwika bwino womwe anthu anaupatsa dzina loti "Ambuye n'tengeni." Padzuwa la kuno, munthu wosadya, wotuluka thukuta tsiku lonse, akamwa mowa wotero thupi limauma msanga. Chiphaso chakanthawi sichingauyeretse kachasu, ndipo wokonza chochitika amene amauona n'kuyang'ana kumbali asadzanene kuti sankadziwa.

Ena amafunsa za ukwati, chinkhoswe, sadaka ndi kuika chiliza. Mowa womwe banja lafulula kapena lagula kuti alendo amwe mwaulere si malonda. Chimodzimodzi mowa wa dima kapena wa nsembe, womwe makolo athu Amang'anja ndi Asena akhala akufulula kuyambira kalekale. Zinthu zimasintha mlamu wina akaika tebulo pakona n'kuyamba kulandira ndalama. Kumeneko n'kugulitsa, ngakhale mkwati ali mphwake. Palinso kachenjerero kena ka okonza maphwando, koika mtengo wa mowa mkati mwa ndalama ya pageti n'kumati mowawo ndi waulere. Botolo lomwe sungalipeze osalipira silaulere, ndipo ine ndingamulangize wotere kuti akatenge chiphaso.

Pali chifukwa china chomwe anthu ambiri a kuno satengera ziphaso, ndipo si mwano ayi, ndi mtunda. Munthu wa ku Makhanga kapena ku Muona ali m'boma la Nsanje, koma kuti akafike kuofesi ya khonsolo ayenera kuwoloka Shire pabwato kukatulukira ku Bangula, apo ayi azungulire njira yaitali yodzera ku Thabwa. Wa kwa Chapananga naye ali ndi ulendo wake kuti akafike pa boma la Chikwawa. Akafika n'kupeza wosainira wapita kumsonkhano, ndiye kuti abwerenso. Ndalama yoyendera yokha itha kudya phindu lonse la makireti omwe amafuna kugulitsa. Munthu wotere akasankha kungoyesa mwayi, ndimamvetsa ngakhale sindikuvomereza.

Makhonsolo ali ndi mayankho m'manja mwawo momwemo. Otolera ndalama zawo amakhala kale m'misika ya Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Fatima. Fomu yopemphera chiphaso chakanthawi itha kumapezeka kumeneko, malipiro n'kumadzera pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya khonsolo, osati ya munthu. Mitengo imatidwe pachitseko cha ofesi ya msika uliwonse m'Chichewa ndi m'Chisena, pamodzi ndi masiku omwe pempho limatenga kuti liyankhidwe. Mtengo ukakhala wobisika, ndi pomwe pamabadwira za "tangopangani ya fanta tikuthandizeni." Makhansala athu, omwe amavomereza malamulo a khonsolo ndi ndondomeko ya chuma, ndi oyenera kufunsidwa za zimenezi pamisonkhano ya chitukuko ya m'madera. Nawo makampani ofulula mowa, poti ndi amene amapindula kwambiri chochitika chikayenda bwino, angathandize pokana kutsitsa tenti ndi firiji pabwalo mpaka ataona chiphaso ndi maso awo.

Kwa amene akukonza chochitika chaka chino, ndalama iliyonse yomwe mwalipira ituluke ndi lisiti ya khonsolo yokhala ndi chidindo. Lonjezo la pakamwa loti "pitani mukagulitse, tikudziwa" silingakuombolereni makireti akalandidwa. Chiphasocho chikhale pabwalo, chomatidwa pomwe akugulitsira, osati m'chikwama cha bwana yemwe wapita kukalandira oimba pa Kamuzu Bridge. Aliyense woima kuseri kwa tebulo adziwe ola lotsekera ndi dzina la mwini chiphaso.

Ndipo muwerenge tsiku lomwe lalembedwapo. Kuno zochitika zimasunthidwa kawirikawiri: mvula yagwa kumtunda, mtsinje wa Mwanza wadzaza, msewu waduka, mfumu yamwalira, timu ina yalephera kuwoloka. Mukasuntha mpira kuchoka Loweruka lino kupita Loweruka la mawa, kapena kuchoka pabwalo lomwe lalowa madzi kupita la kumtunda, chiphaso chija sichisuntha nanu. Bwererani kukhonsolo ndi lisiti yanu, mukafotokoze chomwe chachitika, akusinthireni tsiku kapena malo molemba ndi kudinda musanatsegule botolo loyamba.